Pinot noir wa ku Hemel-en-Aarde: mphesa yovuta kulima yomwe inakhazikika kuseli kwa Hermanus

Amene munaimapo pa shelefu ya mawaini m'masitolo akuluakulu, kaya ku Lilongwe kaya ku Cape Town, mwina munaonapo botolo lolembedwa kuti Pinot noir, mtengo wake wokwera kuposa mabotolo anzake ali pambali, koma ukathira mugalasi waini wake ndi wofiira mopepuka moti ukaika dzanja kuseli zala zimaonekera ndithu. Anthu ambiri akaona choncho amati atibera apa, athiramo madzi. Sanathire madzi ayi. Mphesa yake ndi yotero basi, ndipo mtengo wakewo ukuchokera kumunda, kumene mlimi amavutika nayo chaka chathunthu, komanso malo omwe imalola kumera bwino ndi ochepa zedi padziko pano. Ku Africa kuno malo omwe atchuka nayo kwambiri ndi kachigwa kena kotchedwa Hemel-en-Aarde, kuseli kwa tauni ya Hermanus ku South Africa, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Abale athu ambiri omwe anapita kukasaka maganyu ku Western Cape tauni imeneyi amaidziwa bwino, ena akugwira ntchito m'malesitanti ndi m'mafamu a komweko.

Tiyambe ndi mphesayo. Madzi a m'kati mwa mphesa, olo ikhale yakuda bwanji kunja, amakhala oyera. Mtundu wofiira wa waini umachokera ku khungu, ndiye popanga waini wofiira amasiya makoko aja anyikike m'madzi a mphesawo nthawi yomwe akuwira. Chinanso chomwe chimachokera ku khungu ndi njere ndi chija chimaumitsa m'kamwa ukamwa waini wofiira kapena tiyi wopanda mkaka yemwe wakhalitsa m'ketulo, dzina lake ndi tannin. Tsono Pinot noir khungu lake ndi lopyapyala kwambiri poyerekeza ndi mphesa ngati Cabernet Sauvignon kapena Shiraz. Khungu likachepa mtundu umachepa, kuumitsa m'kamwa kumachepanso, chomwe chimatsala ndi fungo ndi kakomedwe kowawasa pang'ono ka zipatso zofiira ngati sitiroberi, ndipo botolo likakhala zaka zingapo limayamba kununkhira ngati bowa ndi dothi lonyowa. Ndiye anthu okonda waini ameneyu sasaka ukali kapena kulemera, amasaka fungolo.

Khungu lopyapyala lomwelo ndi lomwe limamuliza mlimi. Dzuwa likawomba kwambiri mphesa zimapsa ngati zawauka. Mvula ikagwa nthawi yoti zatsala pang'ono kukololedwa zimamwa madzi n'kuphulika. Komanso tsango lake limakhala laling'ono lothithikana, mphesa kukanikizana popanda mpata woti mpweya udutse, nde imodzi ikangowola pakatipo chuku chimagwira tsango lonse m'masiku ochepa. Kuonjezera apo mtengo wake umaphukira msanga nyengo yozizira ikangotha, nthawi yomwe chisanu chingathe kubwereranso usiku umodzi n'kupsereza timasamba tonse tatsopano. Ndipo ukausiya ubereke kwambiri, waini wake amatuluka wopanda kanthu, ndiye alimi amachita kuthothola matsango ena akadali aawisi n'kutaya pansi kuti otsalawo akhwime bwino. Tangoganizani kutaya dala gawo la zokolola zako. Botolo lingatchipe bwanji pamenepo?

Nanga n'chifukwa chiyani imafuna malo ozizira? Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mphesa ikamapsa mumachitika zinthu zitatu nthawi imodzi koma liwiro lake losiyana: shuga amakwera, asidi yemwe amapatsa kuwawasa amatsika, ndipo fungo ndi kakomedwe zimakhwima pang'onopang'ono m'khungu muja. Kutentha kumathamangitsa ziwiri zoyambazo koma chachitatucho sichithamangitsika, chimafuna masiku. Pinot noir mwachibadwa chake ndi yocha msanga, ndiye ukaibzala kotentha shuga amadzadza m'kanthawi kochepa asidi n'kuthawa, fungo lisanafike n'komwe. Zili ngati kuphika nyemba pamoto wa mapesi walawilawi, madzi amaphwera mphika n'kuyamba kupserera pansi koma nyemba m'kati zikadali zolimba. Mlimi amatsala ndi zosankha ziwiri zonse zoipa, kukolola msanga n'kupeza waini wosakoma wonunkha masamba aawisi, kapena kudikira n'kupeza waini wa fungo la jamu wophikidwa, woledzeretsa kwambiri chifukwa shuga yense uja yisiti amamusandutsa mowa. Mwachidule magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi amapereka 1 peresenti ya ukali wa mowa, nde shuga akachuluka botolo limafika 15 peresenti mosavuta, pamene Pinot noir wabwino nthawi zambiri amakhala cha pa 12.5 mpaka 14. Kozizira zonse zitatu zija zimayendera limodzi, usiku wozizira umasunga asidi, mphesa imakhala pamtengo masabata ochulukirapo mpaka fungo litakhwima shuga asanapitirire muyeso.

Kwawo kwenikweni kwa mphesayi ndi ku Burgundy, kum'mawa kwa France, pa kamzere ka mapiri ang'onoang'ono kotchedwa Côte d'Or komwe kamayambira ku mzinda wa Dijon kutsetserekera kum'mwera kudutsa Beaune. Kumeneko yalimidwa zaka mazanamazana, ndipo amene anaikonza kwambiri anali amonke a Chikatolika, makamaka a chipani cha Cistercian omwe anamanga mpanda wa miyala kuzungulira munda wotchuka wa Clos de Vougeot. Iwowa anali ndi nthawi komanso amalemba zinthu, ndiye anazindikira kuti munda uwu ndi munda uwo, olekanitsidwa ndi kanjira chabe, amatulutsa waini wosiyana chaka ndi chaka ngakhale mphesa ndi yomweyo, wolima ndi yemweyo. Mu 1395 wolamulira dera limenelo, Philip the Bold, anachita kulamula kuti mphesa ya Gamay, yomwe imabereka kwambiri mosavuta, izulidwe kuti malo atsalire Pinot. Lero timinda timeneti tili ndi mayina ake ndi malire ake, tonse 1,247, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linatiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kamunda kamodzi kotchedwa Romanée-Conti n'kosakwana mahekitala awiri, koma mu 2018 botolo lake limodzi la chaka cha 1945 linagulitsidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 558,000. Mitengo yotereyi ine sindiiona ngati nkhani ya kakomedwe, ndi anthu olemera akupikisana pa chinthu chosowa, koma yachititsa kuti alimi a m'maiko ena ambiri alakelake kupeza kadera kawo komwe mphesayi ingalole. Ku Germany amailima kwambiri, ku America David Lett anaibzala ku Willamette Valley m'chigawo cha Oregon mu 1965 anthu akumuuza kuti kumeneko n'kozizira mopitirira, ku New Zealand ili ku Central Otago ndi ku Martinborough.

Tsono vuto la South Africa ndi lakuti ili pafupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi komwe dzuwa limawomba kwambiri, kuposa madera onsewa. Burgundy ili pa madigiri 47 kumpoto, Central Otago pa 45 kum'mwera, pamene Hermanus ili pa 34 basi, komwe dzuwa la chilimwe ndi lamphamvu ndithu. Waini anayamba kupangidwa ku Cape kalekale, woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659 nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa azungu a ku Holland omwe anayamba kukhazikika kumeneko, koma minda yambiri inakhazikika m'madera otentha ngati Paarl, Stellenbosch ndi Worcester. Pinot noir anaiyesa, famu ya Muratie ku Stellenbosch inabzala cha m'ma 1920, ndipo pulofesa Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch, poona kuti mphesayi ndi yokoma koma yosapirira, mu 1925 anaikwatitsa ndi mphesa ina yopirira kutentha yotchedwa Cinsaut, mwana wake ndi Pinotage uja mumamuona paliponse m'mashopu. Ndiye musasokoneze, Pinotage ndi Pinot noir ndi mawaini awiri osiyana kutalitali, wina wakuda wolemera wina wopepuka.

Chomwe chinachedwetsa kwambiri zinthu sichinali nyengo yokha koma malamulo. Kuyambira 1918 ulimi wa mphesa ku South Africa unali m'manja mwa kopaletivi yaikulu ya alimi achizungu yotchedwa KWV, yomwe boma linaipatsa mphamvu zoika mitengo, kenako cha m'ma 1950 inayambitsa makota, kutanthauza kuti famu iliyonse inali ndi mulingo wa mphesa zomwe ikuloledwa kukolola, ndipo malo omwe analibe kota samaloledwa kupanga waini wogulitsa. Makota aja anaperekedwa kwa omwe amalima kale, m'madera otentha othirira omwe amabereka matani ambiri, ndipo mlimi amalipidwa potengera kuchuluka osati ubwino. Madera ozizira a m'mbali mwa nyanja anangokhala a nkhosa ndi tirigu. Dongosolo limeneli linatha mu 1992, ulamuliro wa tsankho uli pafupi kugwa.

Munthu yemwe analimba mtima makota akadalipo anali Tim Hamilton Russell, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ku Johannesburg. Iyeyu anafufuza dala malo a kum'mwera kwambiri, oyandikana ndi nyanja, ndipo mu 1975 anagula mahekitala pafupifupi 170 m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kunalibe ndi mpesa umodzi womwe wa malonda nthawi imeneyo. Chigwachi chinali malo obisika kuseli kwa mapiri, moti m'zaka za m'ma 1800 boma la atsamunda linkasungirako anthu odwala khate, amishoni a mpingo wa Moravian akuwasamalira, mpaka anawasamutsira ku Robben Island cha m'ma 1845. Waini woyamba wa famu ya Hamilton Russell anatuluka mu 1981, wopanga wake anali Peter Finlayson, ndipo zaka zoyambazo analimbana kwambiri ndi akuluakulu a malamulo a waini pa nkhani ya kota yomweyi. Finlayson anadzachoka n'kukatsegula famu yoyandikana nayo mu 1989 mogwirizana ndi Paul Bouchard wa ku Burgundy, dzina lake Bouchard Finlayson, ndipo kubwera kwa munthu wa ku Burgundy kudzaika ndalama zake kumeneko kunapangitsa anthu ambiri kuyamba kukhulupirira kuti chigwachi si masewera. Mwana wa Tim, Anthony Hamilton Russell, atatenga famu mu 1991 anachepetsa mawaini a famuyo n'kutsala ndi mitundu iwiri yokha, Pinot noir ndi Chardonnay.

Kuzizira kwa kumeneko kukuchokera ku nyanja. Minda yoyambirira ili makilomita awiri atatu kuchokera ku gombe la Walker Bay, kuja anamgumi amabwera kudzaswana kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala alendo n'kumadzadza Hermanus kudzaonerera. Madzi a kumeneko ndi a Atlantic, ozizira kwabasi, ndipo m'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa ija anthu a ku Cape amaitcha Cape Doctor. Mphepoyi imakankha madzi ofunda a pamwamba, ozizira a pansi n'kukwera, kenako mpweya wozizira umalowa m'chigwa masana dzuwa likafuna kuyamba kuvuta, nthawi zina ndi mitambo yomwe imakhala pamwamba pa mapiri n'kuphimba minda. Nde tsiku lomwe ku Paarl anthu akuthawira pamthunzi, ku Hemel-en-Aarde kumakhala kofunda bwinobwino koma kopirika. Tinene zoona, munthu wa ku Burgundy sangakutche kozizira kumeneko, dzuwa ndi la Africa ndithu, koma masana otentha mopitirira amakhala ochepa ndipo n'zimene mphesayi imafuna. Mphepo yomweyo imathandizanso kuumitsa masamba ndi matsango mvula kapena nkhungu ikadutsa, ngakhale ikakula mphamvu nthawi ya maluwa imathothola n'kuchepetsa zokolola.

Chachiwiri ndi dothi. Mukamayenda pa mseu wa R320 womwe umachoka ku Hermanus kulowera ku Caledon mumadutsa zigawo zitatu zomwe malamulo a waini a dzikolo amazilekanitsa. Choyamba, chapafupi ndi nyanja, ndi Hemel-en-Aarde Valley, kuli Hamilton Russell ndi Bouchard Finlayson, dothi lake ndi la miyala yoswekasweka pamwamba koma pansi pali dongo lambiri lochokera ku mwala wotchedwa Bokkeveld shale. Dongo limasunga madzi ndi kuzizira, ndiye m'chilimwe chouma mizu siivutika ndi ludzu, komanso ndi dothi losauka lomwe silola mtengo kukula mwamatama, matsango amakhala ang'onoang'ono waini n'kukhala wolimbako, wotha kusungika zaka. Mukakwera pang'ono mwafika Upper Hemel-en-Aarde Valley, kuli famu ya banja la Newton Johnson, uku dothi lambiri ndi la mwala wa granite wofumbutuka, lopepuka losasunga madzi kwambiri, ndipo waini wake amakonda kukhala wonunkhira kwambiri, wofewa pakamwa. Kumtunda kwenikweni ndi Hemel-en-Aarde Ridge, kuli mafamu a Creation ndi Ataraxia, dongo limabwereranso koma minda ili pamwamba, ina mpaka mamita 300 kapena kuposera, ndiye kumakhala kozizirirapo ndipo amakolola mochedwerapo. Zonsezi zili pa mtunda woti pagalimoto simutha ndi theka la ola lomwe. Pali wopanga waini wina, Hannes Storm, yemwe amapanga Pinot noir m'zigawo zitatu zonsezi, munda uliwonse botolo lakelake, njira yopangira yofanana, ndipo mukawaika pamodzi kusiyana kumamveka ndithu olo kwa munthu yemwe sanaphunzire za waini. Kwa ine umboni waukulu woti chigwachi chinayenera mphesayi ndi umenewu, chifukwa kotentha Pinot noir yense amangofanana kakomedwe kaya dothi likhale lotani.

Sikuti zinayenda bwino kuyambira pachiyambi. Mbewu ya Pinot noir yomwe inalipo ku South Africa zaka zimenezo inali ya mtundu wotchedwa BK5 wochokera ku Switzerland, womwe umayenera waini wa thovu osati wofiira, ndiye mawaini oyambawo amatuluka otuwa ndipo amakalamba msanga. Mpesa sabzala njere, amadula kanthambi n'kulumikiza pa tsinde la mtundu wina wopirira tizilombo ta m'nthaka, ndiye munda wonse umakhala ana a mtengo umodzi, ukalakwitsa kusankha kholo walakwitsa munda wonse kwa zaka makumi awiri. Alimi anachita kuzula n'kubzalanso mbewu zochokera ku Dijon zomwe zimadziwika ndi manambala ngati 113, 115, 667 ndi 777, ndipo mpesa watsopano umatenga zaka zitatu usanayambe kubereka zoti n'kukolola. Vuto lina lomwe likadalipo mpaka pano ndi matenda a vairasi otchedwa leafroll, omwe amafalitsidwa ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi. Mtengo ukagwidwa masamba amapindika m'mphepete n'kufiira nthawi isanakwane, alendo amajambula zithunzi kuti munda wakongola pamene mwini wake mtima ukuwawa, chifukwa masamba otero sapanga chakudya chokwanira ndipo mphesa sizipsa bwino. Mankhwala ochiza palibe, n'kuzula basi mtengo wodwalawo n'kulimbana ndi kodikodi ndi nyerere zomwe zimamuteteza.

Chaka cha mlimi kumeneko chimayenda chonchi. Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mitengo itayoyola masamba onse ili mtulo. Mu Julayi ndi Ogasiti antchito amadulira nthambi ndi sizasi ya m'munda, mtengo umodziumodzi, kuzizira kuli m'zala. Mu Seputembala imaphukira, cha mu Novembala maluwa, kenako ntchito yothothola masamba ena kuti mpweya uzidutsa koma osavula tsango kwambiri kuopa dzuwa. Kukolola kumayamba kumapeto kwa Januwale mpaka mu Febuluwale, ndi manja, m'mamawa kwambiri mphesa zikadali zozizira, amaika m'timakreti ting'onoting'ono kuti za pansi zisaphwanyike ndi kulemera kwa zinzake. Zikafika kopangira zimadutsa pa tebulo pomwe anthu amatola chowola chilichonse, tsamba, kachitsotso. Ena amachotsa mphesa ku timitengo take, ena amaponya matsango ena athunthu m'thanki kuti waini akhale ndi fungo lina. Zikayamba kuwira makoko amayandama pamwamba n'kupanga chikhoko chokhuthala, nde munthu amaima pamwamba pa thanki ndi ndodo yokhala ndi mbale kumapeto n'kumakankhira chikhokocho pansi kangapo patsiku, mofatsa, chifukwa ukachita mwankhanza njere zimatulutsa kuwawa. Pakatha masabata awiri kapena atatu amafinya n'kuthira m'migolo ya mtengo wa oak yochokera ku France, umodzi malita 228, momwe amakhala miyezi pafupifupi khumi kapena kuposera pang'ono. Migolo yatsopano ikachuluka fungo la thabwa limaphimba fungo la mphesa, ndiye opanga anzeru amasakaniza yatsopano pang'ono ndi yakale yambiri.

Mwaona kuti pafupifupi sitepe iliyonse ndi manja a munthu, ndipo nkhani ya manja amenewa siyenera kudumphidwa. Mbiri ya mafamu a mphesa ku Cape ndi yowawa, inayamba ndi akapolo, kenako kwa zaka zambiri antchito amalipidwa gawo la malipiro awo ndi waini wotchipa tsiku lililonse, mchitidwe womwe unaletsedwa ndi lamulo cha m'ma 1960 koma unapitirira mobisa kwa nthawi yaitali n'kusiya uchidakwa ndi ana obadwa ovulala ubongo m'midzi yambiri. Mu 2012 antchito a m'mafamu ku De Doorns ananyanyala ntchito, ndipo mu 2013 malipiro otsikitsitsa a patsiku anakwezedwa kuchoka pa 69 randi kufika pa 105. Mpaka lero minda yambiri eni ake ndi azungu, odulira ndi okolola ndi anthu akuda ndi makaladi, kuphatikizapo obwera kuchokera ku Eastern Cape, Zimbabwe, Lesotho ndi kwathu kuno, ambiri a iwo aganyu a nyengo yokolola yokha. Zosintha zilipo koma zikuyenda pang'onopang'ono. Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi cha mayi Berene Sauls, yemwe anayamba ntchito pa famu ya Hamilton Russell ngati wolera ana, n'kukwera mpaka kuyang'anira zotumiza waini kunja, ndipo mu 2015 mothandizidwa ndi famuyo anapanga Pinot noir wakewake wotchedwa Tesselaarsdal, dzina la mudzi wa kwawo kuseli kwa mapiri omwewo, mudzi womwe malo ake mzungu wina anasiyira antchito ake ndi akapolo omasulidwa m'zaka za m'ma 1800. Waini wake akatswiri anamulandira bwino kwambiri, ndipo pambuyo pake anagula malo kumudzi komweko kuti adzabzale mphesa zake.

Chomwe chikuopseza chigwachi pano ndi kusintha kwa nyengo, chifukwa mpata womwe mphesayi ili nawo kumeneko ndi wochepa kale. Mu Januwale 2019 moto wolusa unayaka m'tchire la m'mapiri ozungulira Hermanus kukolola kutatsala pang'ono. Olo moto usafike pa mpesa, utsi wokha umalowa m'khungu lopyapyala lija waini n'kudzamveka phulusa, ndipo chaka chimenecho a Hamilton Russell sanagwiritse ntchito Pinot noir wa m'munda mwawo, anachita kugula mphesa kwa anzawo omwe utsi sunawafike. Mu Seputembala 2023 kunagwa chimvula chomwe chinakokolola misewu ndi mapaipi a madzi m'dera lomwelo. Ku Burgundy nako zinthu sizili bwino, kaundula wa masiku okolola ku Beaune yemwe anayamba kulembedwa mu 1354 akuonetsa kuti kuyambira 1988 akukolola masiku pafupifupi 13 msanga kuposa kale, ndipo chifukwa mitengo ikuphukira msanga, chisanu cha mu Epulo 2021 chinapsereza minda yambiri alimi akuchezera usiku wonse kuyatsa makandulo akuluakulu pakati pa mizere. N'chifukwa chake ku South Africa ena akusunthira kumtunda kwa mapiri, ena ku Elgin komwe kumalimidwa maapozi, ena kufupi ndi Cape Agulhas komwe mphepo siipuma.

Ena amafunsa kuti nanga ku Dedza, ku Nyika kapena pa Zomba pamwamba, kozizira konse kuja, sitingabzale? Vuto lathu si kuzizira kokha koma nthawi ya mvula. Kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi yotentha, yomwe ndi nthawi yomwe mphesa ikanakhala ikupsa, ndiye kutentha ndi chinyezi pamodzi pa tsango lothithikana la khungu lopyapyala, zonse zingawole zisanafike pokolola. Ku Cape zili mosemphana, mvula nthawi yozizira, chilimwe chouma. Komanso mpesa umafuna miyezi yozizira zenizeni kuti ugone n'kudzaphukira mofanana. Ku Dodoma ku Tanzania amalima mphesa za waini chifukwa n'kouma, koma ndi mitundu ina yopirira, osati iyi.

Mukafuna kugula, yang'anani pa lebulo mawu akuti Wine of Origin otsatiridwa ndi dzina la dera. Dongosolo limeneli linayamba mu 1973 ndipo lamulo lake ndi lakuti dzina la dera likalembedwa, mphesa zonse 100 peresenti zichokere komweko, ndipo dzina la mphesa likalembedwa, zosachepera 85 peresenti zikhale za mtundu umenewo. Ndiye botolo lolembedwa Hemel-en-Aarde Ridge likukuuzani malo enieni, lolembedwa Walker Bay ndi dera lokulirapo, pamene lolembedwa Western Cape mphesa zake zingachokere kulikonse m'chigawo chonsecho, kotentha komwe. Pinot noir ndi gawo laling'ono kwambiri la minda ya mphesa ya dzikolo, kungopitirira pang'ono 1 peresenti, ndipo yambiri mwa imeneyo imapita ku waini wa thovu wa Cap Classique, nde musadabwe kuti sapezeka shopu iliyonse.

Ndipo mukamupeza samalani ndi kutentha kwa kwathu kuno. Botolo lomwe lakhala pa windo la shopu padzuwa, kapena m'buti ya galimoto ulendo wa ku Mwanza mu Okutobala, waini wake amakhala ataphikika kale, mukaona kuti chotsekera chatukuka kapena pakhosi pa botolo pali zomatamata lisiyeni. Kunyumba lisungeni pamalo amdima ozizirirapo, ndipo musanatsegule liikeni mufuriji mphindi 30 kapena 40 kuti lifike cha pa madigiri 14 mpaka 16, chifukwa waini ameneyu akafunda fungo lija limasowa kumangomveka mowa wokha. Galasi likhale lalikulu la mimba, muthire pang'ono osadzadza kuti fungo lipeze malo. Amayenda bwino ndi nkhuku ya lokolo yowotcha, bakha, nyama ya nkhumba, bowa wa nthawi ya dzinja ngakhalenso chambo chowotcha pamakala, koma ndiwo za tsabola wambiri wa kambuzi zimamupha kakomedwe, pamenepo bola mutsegule Shiraz kapena Pinotage.